Kodi Maphunziro Amene Tidalandira Afika M'kalasi? Kuunika Maphunziro a Pantchito

Zolinga za phunziroli

Tikamaliza phunziroli tizitha:

a) kusiyanitsa kukondwera ndi maphunziro ndi kupindula nawo;
b) kutchula magawo asanu oyenera kuunikidwa, pamodzi ndi umboni wa gawo lililonse;
c) kukonza ndondomeko yosalira ndalama younikira maphunziro pasukulu pathu kapena mu ZIP yathu.

Mawu oyamba

Mphunzitsi satsiriza kuphunzira tsiku limene watuluka ku IFP. Tikayamba ntchito tidzaitanidwa kawirikawiri ku maphunziro a masiku ochepa: ena kuboma, ena pasukulu imene ili likulu la ZIP, ena pasukulu pathu pomwe. Kwa ife ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri maphunziro oterewa ndi ofunika koposa, pakuti ambiri a ife tidaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chipwitikizi chokha, Chinyanja n'kumangochilankhula kunyumba. Kalembedwe kake, mawu ophunzitsira masamu, ndiponso njira yowolotsera mwana kuchoka ku Chinyanja kunka ku Chipwitikizi, zambiri mwa izi timaziphunzira tili kale pantchito.

Maphunzirowa amadya ndalama, amadyanso nthawi. Sabata imene mphunzitsi ali ku semina, ana ake amatsala okha kapena amaphatikizidwa ndi kalasi ina yodzaza kale. Ngati sabatayo sinasinthe kanthu, otaya ndi anawo. Tsono tiyenera kukhala ndi njira yodziwira ngati maphunziro agwira ntchito yake. Mfundo ya phunziroli ndi imodzi: phindu la maphunziro a pantchito limaonekera m'kalasi patapita miyezi, m'zimene mphunzitsi akuchita ndi m'zimene ana akutha, ndipo umboni wake tiyenera kuukonzeratu maphunzirowo asanayambe.

1. Magawo asanu a kuunika

M'chaka cha 1959, Donald Kirkpatrick wa ku United States adafotokoza magawo anayi ounikira maphunziro a anthu ogwira ntchito m'makampani: mmene ophunzirawo aonera maphunzirowo, zimene aphunzira, mmene kagwiridwe kawo ka ntchito kasinthira, ndi zotsatira zake pakampani. M'chaka cha 2000, Thomas Guskey adaitenga njirayi n'kuikonzera aphunzitsi. Iye adawonjezapo gawo lina pakati, lofunsa ngati sukulu yathandiza mphunzitsi kugwiritsa ntchito zimene waphunzira. Ife titsata magawo asanuwa.

*Gawo loyamba: mmene aphunzitsi aonera maphunzirowo.* Ili ndi pepala la mafunso limene timayankha tsiku lotsekera. Limatiuza ngati wophunzitsa ankamveka, ngati nthawi idakwanira, ngati malo ogona ndi chakudya zidali bwino. Zimenezi n'zofunika, chifukwa munthu wanjala kapena wosamva chilankhulo cha wophunzitsa saphunzira. Komabe tikumbukire kuti tsiku limenelo anthu amakhala atalandira satifiketi ndi ndalama ya ulendo, ndipo mwambo wathu sutilola kunyoza mlendo ali pomwepo. Pafupifupi aliyense amalemba kuti zonse zayenda bwino. Malipoti ambiri amathera pagawo lino, chikhalirecho ndilo gawo lotiuza zochepa kuposa onse.

*Gawo lachiwiri: zimene aphunzitsi aphunzira.* Apa timayesa mphunzitsi maphunziro asanayambe, n'kumuyesanso atatha, pa zinthu zomwezo. Ngati maphunziro adali a kalembedwe, timuyese polembetsa mawu: kodi akusiyanitsa *ng'oma* yovinira ndi *ngoma* ya m'tchire, kapena *phala* lakumwa ndi *pala* wa kupala moto? Ngati adali a njira yophunzitsira, kulemba tanthauzo la njirayo papepala sikukwanira. Aphunzitse anzake kwa mphindi 10, ife tikuona.

*Gawo lachitatu: thandizo la sukulu.* Mphunzitsi wabwerako ku maphunziro. Kodi mabuku a Chinyanja afika? Kodi mkulu wa sukulu wam'patsa kalasi ya zilankhulo ziwiri, kapena wam'tumiza ku kalasi 6 chifukwa kumeneko kudalibe mphunzitsi? Kodi makolo afotokozeredwa chifukwa chake ana akuyamba ndi Chinyanja? M'zaka zoyamba za maphunziro a zilankhulo ziwiri m'dziko lathu, sukulu zambiri zidaphunzitsa popanda mabuku okwanira a zilankhulo za kwathu. Mphunzitsi wotere tikamuweruza osayamba tafunsa za mabuku, tidzanena kuti maphunziro adalephera pamene cholephera chidali china.

*Gawo lachinayi: zimene mphunzitsi akuchita m'kalasi.* Kudziwa njira ndi kuigwiritsa ntchito pamaso pa ana 60 n'zosiyana. Bruce Joyce ndi Beverly Showers, amene adafufuza nkhaniyi kuyambira m'zaka za m'ma 1980, adapeza kuti aphunzitsi ochepa okha ndiwo amapitiriza njira yatsopano akangoimva ndi kuiyeserera pa semina, koma ambiri amaipitiriza ngati pali mnzawo wowaona m'kalasi ndi kukambirana nawo pambuyo pake. Umboni wa gawo lino supezeka pofunsa mphunzitsi kuti, "Kodi mukuigwiritsa ntchito?" Umapezeka pokhala m'kalasi mwake.

*Gawo lachisanu: zimene ana akutha.* Ili ndilo gawo limene maphunziro onse adakonzedwera. Kodi ana akuwerenga bwinopo? Akulemba? Akufunsa mafunso? Akubwera kusukulu tsiku ndi tsiku?

Magawowa ali ngati unyolo. Ana akapanda kusintha, timabwerera m'mbuyo gawo ndi gawo mpaka titapeza pamene unyolo wadukira. Mankhwala a gawo lililonse ndi osiyana: ngati wadukira pagawo lachiwiri tikonze maphunziro, ngati pagawo lachitatu titumize mabuku, ngati pagawo lachinayi tim'pezere mphunzitsi mnzake womuthandiza. Kuitanitsa semina ina pa vuto la kusowa kwa mabuku n'kutaya ndalama kawiri.

2. Kuyambira kumapeto

Guskey amalangiza kuti pounika tiziyenda kuchokera gawo loyamba kufika lachisanu, koma pokonza maphunziro tiziyambira gawo lachisanu kubwerera m'mbuyo. Tiyerekeze kuti ZIP yathu ikufuna kuchititsa maphunziro a kaphunzitsidwe ka kuwerenga m'kalasi yoyamba. Tisanasankhe tsiku kapena wophunzitsa, tiyankhe mafunso awa motsatana:

- Kodi tikufuna kuti ana azitha chiyani pakutha pa chaka? Yankho likhale looneka ndi maso: mwana aziwerenga yekha mawu a maphatikizo awiri, monga *gule*, *mano*, *buku*, ngakhale amene sadawaonepo pabolodi.
- Kodi mphunzitsi azichita chiyani tsiku lililonse kuti zimenezi zitheke? Aziphunzitsa liwu la lembo, azilumikiza malembo kupanga maphatikizo, ndipo azipatsa ana mpata wowerenga mmodzimmodzi.
- Kodi sukulu ipereke chiyani? Mabuku, choko, mapepala olembapo maphatikizo, ndi nthawi yoti aphunzitsi azionana m'makalasi.
- Kodi tsono mphunzitsi ayenera kuphunzira chiyani pa semina?

Cholinga chonena kuti "kukweza luso la aphunzitsi" sichingaunikidwe, pakuti palibe angatsutse kuti chakwaniritsidwa, palibenso angatsimikize. Cholinga chabwino ndi chimene tingathe kudzanena mosabisa kuti talephera kuchifikira.

3. Zimene tikuphunzira ku mbiri yathu

Maphunziro a zilankhulo ziwiri ku Mozambiki adabadwa mwa kuyesa ndi kuunika. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE lidayendetsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO, m'Chichangana kuchigawo cha Gaza ndi m'Chinyanja kuchigawo cha Tete. Carol Benson, amene adaunika ntchitoyi, sadadalire mayeso okha. Padali kuona maphunziro m'makalasi ndi kumva maganizo a aphunzitsi ndi makolo. Kudaoneka kuti ana ankalankhula momasuka, atsikana ankatenga nawo mbali, ndipo makolo adaikonda njirayi. Kudaonekanso chofooka: kuwoloka kunka ku Chipwitikizi sikudayende bwino monga mmene anthu ankafunira. Zotsatirazi zidathandiza kuti m'chaka cha 2003 boma liyambe maphunziro a zilankhulo ziwiri m'zilankhulo 16, ndipo lero Lamulo 18/2018 la maphunziro a dziko lino limawavomereza.

Pambuyo pake Feliciano Chimbutane adakhala m'makalasi a sukulu ziwiri za kuchigawo cha Gaza. M'buku lake la 2011 adasonyeza kuti ana ankayankha ndi kukambirana mwaufulu phunziro likakhala m'chilankhulo chawo, koma likakhala m'Chipwitikizi kalasi inkabwerera ku mayankho a onse pamodzi ndi kubwereza mawu a mphunzitsi, zimene zimabisa kuti mwana sanamve.

Pamenepa tikutolapo zinthu zitatu. Choyamba, zina mwa zotsatira zazikulu sizikadaoneka popanda munthu kukhala pansi m'kalasi. Chachiwiri, kuunika koona kumanena chabwino ndi chofooka chomwe, ndipo chofookacho ndicho chimatiuza zoyenera kuphunzitsa pa semina yotsatira. Chachitatu, ntchito yoyesera imakhala ya makalasi ochepa oyang'aniridwa pafupi. Ikafalikira ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga, ku Lago ndi ku Milange, tiyenera kuiunikanso, osangodalira zimene zidapezeka poyamba.

4. Zida zinayi zosalira ndalama

*Kuona phunziro la mnzathu.* Awiri amene adapita ku maphunziro amodzi agwirizane kuonana, kawiri kapena katatu pa teremu. Woona akhale kumbuyo ndi pepala, aziwerengera zinthu zochepa zimene adagwirizana kale: ana angati awerenga kapena kuyankha paokha, mwa iwo atsikana ndi angati, ndi kangati kalasi yayankha yonse pamodzi, ndi mphindi zingati ana agwira buku m'manja. M'phunziro la Chipwitikizi alembenso nthawi zimene mphunzitsi wagwiritsa ntchito Chinyanja, ndi chifukwa chake: pofotokoza mawu ovuta, kapena pongodzudzula. Kuwerengera kuli bwino kuposa kulemba kuti "phunziro lidali labwino", chifukwa manambala a mwezi uno tingawayerekeze ndi a mwezi wamawa.

*Kuwerenga kwa mphindi imodzi.* Njira yotchedwa EGRA, imene idakonzedwa m'chaka cha 2006 ndipo yagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, imayesa mwana payekha: amapatsidwa pepala la malembo, la mawu, kapena la kankhani, n'kuwerengera zimene wawerenga molondola pa mphindi imodzi. Ife tingachite zofanana ndi wotchi ya pafoni. Tikonze pepala la maphatikizo ndi la mawu a Chinyanja, ndi kankhani kafupi kokhala ndi mafunso atatu, kuti tione ngati mwana wamva zimene wawerenga. Tisankhe ana mwa maere kapena potenga mwana wachisanu aliyense m'kaundula. Tikamuuza mphunzitsi kuti atisankhire, adzatipatsa anzeru okhaokha, ndipo palibe angamudzudzule.

*Makope a ana.* Makope sanama za masiku amene mlendo kudalibe. Titenge makope 10, tione ngati ntchito za njira yatsopano zikupezeka sabata iliyonse kapena tsiku limodzi lokha, ngati ana onse alemba ziganizo zofanana zokopera pabolodi kapena aliyense walemba zake, ndiponso ngati mphunzitsi wachonga.

*Mawu a makolo.* Pamsonkhano wa bungwe la sukulu tifunse mafunso a zinthu zimene kholo laona: kodi mwana amawerenga chilichonse kunyumba, monga mawu a pathumba la feteleza kapena m'buku la nyimbo? Kodi amafotokoza zimene waphunzira? Kholo losadziwa kuwerenga lingathe kuyankha mafunso amenewa, makamaka pamene mwana akuphunzira m'chilankhulo cha pakhomo. Safunsa adadya phula.

5. Misampha yoyenera kuipewa

*Kusayesa poyambira.* Popanda kudziwa pamene ana adali maphunziro asanachitike, sitinganene kuti asuntha. Kuyesa koyamba kuchitike mphunzitsi asananyamuke kupita ku semina.

*Kuiwala kuti ana amakula okha.* Tiyerekeze motere. M'mwezi wa Epulo ana a m'kalasi ya mphunzitsi amene akupita ku maphunziro akuwerenga maphatikizo 8 pa mphindi. Pofika Seputembala akuwerenga 20. Tingafulumire kunena kuti maphunziro awonjezera 12. Koma pasukulu yoyandikana nayo, imene mphunzitsi wake sadapite, ana achoka pa 8 kufika pa 17. Ndiye kuti 9 mwa 12 aja akadabwerabe chifukwa cha miyezi isanu ya sukulu, ndipo chimene tingaganizire kuti chachokera ku maphunziro ndi 3. Atatuwo ndi phindu ndithu, koma ndi laling'ono kuposa limene tikadalemba mu lipoti. Nthawi zonse tifunefune kalasi yoyerekezera nayo, yofanana kuchuluka kwa ana ndi kakhalidwe ka m'mudzi.

*Kuyesa m'chilankhulo cholakwika.* M'makalasi oyambirira mwana wathu amaphunzira kuwerenga m'Chinyanja, Chipwitikizi akuchiphunzira ngati phunziro. Tikamuyesa kuwerenga m'Chipwitikizi chokha, n'kumuyerekeza ndi mwana wa kalasi ya chilankhulo chimodzi, tayesa chimene sadaphunzitsidwe. Luso lililonse liyesedwe m'chilankhulo chimene lidaphunzitsidwira, ndipo Chipwitikizi chiyesedwe pachokha, poyamba m'kumva ndi m'kulankhula.

*Phunziro lokonzera mlendo.* Munthu akadziwa kuti akuonedwa amasintha. Mphunzitsi angathe kubwereza phunziro limene ana adaliphunzira dzulo kuti onse akweze manja. Chothetsa vutoli si kubwera mozemba ngati wapolisi. Tizibwera kawirikawiri mpaka kukhalapo kwathu kuzoloweredwe, ndipo zimene taona tiziziyerekeza ndi makope.

*Kusukuluka kwa maphunziro opatsirana.* Nthawi zambiri ochepa amaphunzitsidwa kulikulu la chigawo, iwo n'kukaphunzitsa a kuboma, a kuboma n'kukaphunzitsa a mu ZIP. Masiku amachepa pa sitepe iliyonse, ndipo chimene chimayamba kutayika ndi kuyeserera. Choncho gawo lachiwiri liyesedwe kwa mphunzitsi wotsiriza, amene akaime pamaso pa ana.

*Kufulumira.* Mphunzitsi akayamba njira yatsopano amayamba wapunthwa, ndipo phunziro lake lingaoneke losalongosoka kuposa kale. Tikaunika sabata yoyamba tidzaitaya njira yabwino. Tidikire mwezi umodzi kapena iwiri tisanaweruze gawo lachinayi, ndi teremu yathunthu kapena kuposerapo tisanaweruze lachisanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

6. Ulemu pounika

Chimene tikuunika ndi maphunziro, osati munthu. Mphunzitsi akaganiza kuti zotsatira zikhudza malipiro ake kapena kukwezedwa kwake, adzabisa mavuto, ndipo ife tidzatsala ndi lipoti lokongola lopanda choonadi. Tim'fotokozere cholinga tisanalowe m'kalasi mwake. Phunziro likatha tiyambe kumva iye: "Aphunzitsi, mwaona kuti phunziroli layenda bwanji? Ndi pati pamene panakuvutani?" Mu lipoti la ZIP tisalembe maina a aphunzitsi kapena a ana. Mwana amene sanathe kuwerenga timuthokoze ngati anzake, ndipo tisam'kakamize kupitiriza akaima.

Pomaliza, zotsatira zibwerere kwa eni ake. Pamsonkhano wotsatira wa ZIP tiziike poyera, tigwirizane chinthu chimodzi kapena ziwiri zoti tisinthe, ndi munthu woti achite. Zimene zili zopitirira mphamvu zathu, monga mabuku, zilembedwe ndi manambala ake n'kutumizidwa kuofesi ya maphunziro ya boma. Kalata yonena kuti ana 58 akugawana mabuku 9 imamveka kuposa yongonena kuti mabuku ndi ochepa.

Chidule

Pepala la tsiku lotsekera limangotiuza ngati aphunzitsi akondwa. Kuti tidziwe ngati maphunziro apindula, tiyese zimene aphunzitsi aphunzira, tifunse za thandizo la sukulu, tikhale m'kalasi, ndipo timve ana akuwerenga. Tiyese poyambira, tipeze kalasi yoyerekezera nayo, tiyese m'chilankhulo choyenera, tidikire nthawi yokwanira.

Ntchito

1. Payekhapayekha: kumbukirani maphunziro afupi amene mudachitapo nawo. Kodi adaunikidwa kufika pagawo liti? Ndi umboni uti umene ukadapezeka mosavuta koma sudatengedwe?
2. Awiriawiri: lembaninso cholinga ichi kuti chitheke kuunikidwa: "Aphunzitsi adziwe kufunika kwa chilankhulo cha mwana."
3. M'magulu a anthu anayi: konzani pepala la maphatikizo 30 ndi mawu 20 a Chinyanja oyenera kalasi yoyamba. Yesanani ndi wotchi, kenaka mugwirizane chimene mudzachiwerengera ngati cholakwa.
4. Kambiranani: patatha miyezi itatu chichitikire maphunziro, mwapeza kuti mphunzitsi adakhoza bwino mayeso a pa semina, koma m'kalasi akuphunzitsabe monga kale. Lembani zifukwa zitatu zimene zingachititse zimenezi, ndi funso limene mungam'funse pa chifukwa chilichonse.
5. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa: pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wa kalasi, muone phunziro limodzi la Chinyanja ndi limodzi la Chipwitikizi la ana omwewo. Werengerani ana oyankha paokha m'phunziro lililonse, ndipo mubwere ndi manambalawo ku phunziro lotsatira.